Mvula inagwa, koma nthaka sinamwe

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, ambiri timathamangira kumunda ndi mbeu. Pakapita sabata imodzi, apa cimanga camera bwino, apo palibe kanthu. Timaimba mlandu wogulitsa mbeu, kapena mbewa. Koma nthawi zina vuto lili m'nthaka momwemo, cifukwa pali dothi limene likauma kwambiri limakana madzi.

Mungayese nokha. Tengani dothi louma la m'munda mwanu, mulisalaze m'mbale, mudonthezepo dontho limodzi la madzi. Likalowa pomwepo, palibe vuto. Likakhala pamwamba lozungulira ngati dontho pa tsamba la kabici, werengani. Akatswiri a za nthaka amati likapitirira masekondi 5 osalowa, dothilo layamba kukana madzi.

Cimacititsa zimenezi ndi zinthu zonga phula zocokera ku masamba, mizu ndi nkhungu za m'nthaka. Phulali limakuta timibulu ta dothi. Mcenga ndiwo umavutika msanga, cifukwa phula locepa limakwanira kuukuta wonse, pamene dothi la makande limafuna lambiri. Pansi pa mitengo ya bulugamu ndi paini vutoli limaoneka kawirikawiri. Moto nawo umawonjezera. Kutentha kumasandutsa phula kukhala nthunzi, ina imatsikira pansi n'kukazizira masentimita ocepa m'nthaka, n'kusiya cimpanda cimene madzi amalephera kudutsa.

Ndiye madzi amapita kuti? Ena amathamanga pamwamba, atanyamula dothi labwino kupita nalo kumtsinje. Ena amapeza tinjira tocepa, monga mabowo a mizu yakale, n'kutsikira momwemo mwamsanga pamodzi ndi feteleza amene munagula modula. Pambali pa kanjirako dothi limakhala louma gwaa, ndipo mbeu imene yagwera pamenepo siingamere.

N'cifukwa cake ndimati tisiye kuunjika mapesi ndi nthambi m'munda n'kuyatsa. Ndikudziwa zimene ena anganene: phulusa ndi manyowa, moto umapha tizilombo, ndipo mbewa ndi ndiwo. Zoonadi, si moto uliwonse umene umasiya cimpanda cija, udzu wopsa mwacangu suwoca pansi kwambiri. Koma mulu wa mapesi umayaka nthawi yaitali pamalo amodzi. Phulusa lake limauluzika ndi mphepo ya Okutobala, ndipo nthaka imatsala yamaliseche, dzuwa n'kuiumitsa mpaka pamene kukana madzi kumafika poipa.

Zothandiza zilipo, ndipo sizifuna ndalama. Siyani mapesi aphimbe nthaka kuti isaume msanga. Kumbani maenje obzalamo mvula isanabwere, kuti madzi aime ndi kupeza nthawi yolowa, pakuti dothi lotere likanyowa nthawi yaitali limayambanso kumwa. Pamalo amcenga thirani dothi la pa culu. Alimi a ku Western Australia, kumene mcenga wokana madzi ndi vuto lalikulu, amamwaza dothi la makande m'minda yawo ndi makina. Ife tili ndi zulu pafupi, ndipo makolo ankatapa dothi lake kalekale.

Caka cino, mvula ikagwa usiku, m'mawa tengani khasu musanatenge mbeu. Kumbani malo atatu kapena anayi m'munda. Mukapeza fumbi pansi pa dothi lonyowa, dikirani mvula ina. Mbeu ya m'thumba ilibe yaciwiri.