Cinsinsi ca m'nyumba mwanu cisagone pa foni ya mlendo

Ambiri a inu mukumbukira bwino miyezi ya August ndi September mu 2022, pamene anyamata ndi atsikana a kalembera anayenda khomo ndi khomo atanyamula matabuleti. Anafika m'makomboni a ku Petauke ndi ku Nyimba, natsikiranso ku cigwa ca Luangwa, ku dziko la Amfumu a Nyalugwe. Anafunsa kuti m'nyumba mugona anthu angati, mai wa pakhomo anabereka ana angati ndipo amoyo ndi angati, kodi panagwa maliro m'miyezi 12 yapitayo, kodi alipo wolemala, kodi cimbudzi muli naco. Ena mwa mafunso otere sitingayankhe ngakhale kwa mnansi amene tipemphana naye mcere. Koma tinayankha, cifukwa anatilonjeza kuti zonse zidzasungidwa mwacinsinsi.

Tsono funso la lero ndi ili: mayankho aja akafika ku Lusaka, ndani ali ndi ufulu wowatsegula? Alipo anthu ambiri amene amawafuna, monga aphunzitsi a m'mayunivesite, ophunzira, mabungwe a zaumoyo, ndi ofufuza a maiko akunja. Ambiri a iwo ali ndi zolinga zabwino. Komabe ine ndinena poyera kuti boma licita bwino kuwaimika pakhomo, kuwafunsa mafunso ndi kuwasainitsa mapangano asanagwire kanthu. Ena amati kumeneku ndi kucedwetsa citukuko. Ine nditi kumeneku ndiko kusunga lonjezo limene linaperekedwa pa khomo panu.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndekha. Tsiku lina, pa cipatala cina cimene ndinagwirapo nchito, kunabwera mnyamata waulemu wake, ali ndi kalata ya ku sukulu imene anali kuphunzira. Anafuna kulemba za amai apakati amene ali ndi kacilombo ka HIV, ndipo anapempha kuti ajambule mabuku athu olembamo odwala ndi foni yake. Nditamufunsa za cilolezo ca komiti yoona za kafukufuku ndi ca akuluakulu a zaumoyo, anati zimenezo zitenga nthawi. “Adokotala, maina ndidzafafaniza ndikafika kunyumba,” anatero. Ndinakana, ndipo anacoka atakhumudwa. Sindinamuganizire zoipa ai. Ndinaganizira foni. Foni imatayika mu minibasi, imabwerekedwa ndi mng'ono wake, imapita kwa wokonza pa msika, ndipo cithunzi cimodzi cikalowa pa WhatsApp simungacibwezenso. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Kufafaniza dzina sikukwanira

Anthu ambiri aganiza kuti dzina likacotsedwa pa pepala, cinsinsi catetezedwa. Kwathu kuno si conco. Tiyerekeze kuti pa pepala palembedwa motere: mkazi, zaka 34, mphunzitsi, wokwatiwa pa mitala, ana atatu, dera la Nyalugwe, ali ndi kacilombo. Dzina palibe. Koma kodi ku dera ngati limenelo, kumene midzi ndi yotalikirana ndipo anthu adziwana ndi agogo omwe, aphunzitsi aakazi a zaka zimenezo okhala pa mitala angakwane angati? Ngakhale mwana woweta mbuzi angakulozereni nyumba yake. Ku Kanyama kapena ku Matero munthu angabisike m'khamu. Ku cigwa kulibe khamu lobisalamo. Ngakhale m'komboni mwathu, mukangochula nchito ya munthu, chalichi cake ndi msinkhu wake, amai a pa mpope amudziwa kale.

Vutoli si la kumudzi kokha. Mu 1997 ku America, mai wina wophunzira dzina lake Latanya Sweeney anatenga zolemba za m'zipatala za cigawo ca Massachusetts zimene maina anali atacotsedwa kale, naziyerekeza ndi buku la anthu olembetsa kuvota. Pogwiritsa nchito zinthu zitatu cabe, tsiku lobadwa, nambala ya dera la positi, ndi kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, anapeza zolemba za matenda za bwanamkubwa wa cigawoco, William Weld. Mu 2000 mai yemweyo anaonetsa kuti anthu 87 pa 100 alionse a dzikolo angadziwike ndi zinthu zitatu zomwezo. Ngati bwanamkubwa anapezeka pakati pa anthu ambirimbiri, nanga mphunzitsi wathu wa kwa Nyalugwe angapulumuke bwanji?

Malamulo amene tili nao

Dziko lathu silinagone pa nkhaniyi. Lamulo la ziwerengero la mu 2018 ndilo linakhazikitsa Zambia Statistics Agency, imene ambiri amaichula kuti ZamStats, m'malo mwa ofesi yakale ya Central Statistical Office. Ogwira nchito ya kalembera amalumbira kusunga cinsinsi, ndipo kuulula zimene munthu anayankha ndi mlandu. Lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la mu 2013 linakhazikitsa National Health Research Authority. Munthu wofuna kufufuza za umoyo wa anthu ayenera kuyamba wapeza cilolezo ca komiti yoona ngati kafukufukuyo sadzavulaza anthu, monga ija ya pa University of Zambia, ndiponso ca bungwe limeneli. Magazi kapena zina zotengedwa m'thupi sizituluka m'dziko popanda pangano lolembedwa. Ndipo lamulo loteteza mbiri ya munthu la mu 2021 linaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika citetezo capadera.

Citsanzo cabwino ca m'mene cinsinsi cisungidwira ndi kafukufuku wa umoyo wa m'mabanja wochedwa Zambia Demographic and Health Survey, amene anacitika mu 1992, 1996, 2001 mpaka 2002, 2007, 2013 mpaka 2014, 2018 ndi 2024. M'zaka zimene anthu anapimidwa magazi a pa cala monga mu 2007 ndi 2018, kapepala kopita ku labotale sikanalembedwe dzina, koma kanamatidwa cizindikiro ca nambala. Ofufuza opempha zotsatira anayenera kulembetsa, kufotokoza nchito yao, ndi kulonjeza kuti sadzayesa kudziwa munthu aliyense kapena kugawira wina zimene alandira. Ngakhale malo pa mapu amasunthidwa dala: m'tauni mpaka makilomita 2, kumidzi mpaka makilomita 5, ndipo midzi ina yocepa mpaka makilomita 10. Cotero wofufuza angaone kuti malungo aculuka ku cigwa, koma sangaloze mudzi weniweni.

Mafunso asanu a pakhomo

Ca m'ma 2003 ofesi ya ziwerengero ya ku Britain inayamba kutsata njira imene lero igwiritsidwanso nchito ku Australia ndi ku New Zealand. Njirayi ili ngati maloko asanu pa citseko cimodzi, ndipo ndiona kuti wofufuza aliyense wofuna zacinsinsi za boma lathu ayenera kuyankha mafunso omwewa.

Loyamba: ndinu yani? Munthuyo adziwike, akhale ndi bungwe lomuimira limene lingafunsidwe mlandu, aphunzitsidwe kasungidwe ka cinsinsi, ndipo asaine pangano.

Laciwiri: mufuna kucita nazo ciani? Nchitoyo ikhale yothandiza anthu. Wopempha kuti afufuze za malungo asatembenuke n'kuyamba kusaka amene ali ndi ngongole kapena amene avotera cipani cakuti.

Lacitatu: mudzazisunga kuti? Zacinsinsi kwambiri ziwerengedwere m'cipinda cokhoma kapena pa kompyuta yotetezedwa ndi nambala yacinsinsi, kumene foni ndi fulashi saloledwa. Zisatengedwe kupita nazo kunyumba kapena pa kompyuta imene ana aonerapo mafilimu.

Lacinai: kodi mufunikadi zonsezi? Wofuna kudziwa msinkhu apatsidwe gulu la zaka, monga 30 mpaka 34, osati tsiku lobadwa. Wofuna kudziwa dera apatsidwe boma la Nyimba, osati mudzi.

Lacisanu: mudzatulutsa ciani? Zolemba zisanasindikizidwe, wina aone ngati mulibe mzere umene ukamba za munthu mmodzi kapena awiri okha. Matenda osowa monga khate kapena kaodzera afunika kusamala koposa, pakuti wodwala mmodzi m'dera lonse adziwika popanda kumuchula. Nchito ikatha, zimene anabwereka zifafanizidwe.

Cifukwa cake nkhaniyi ndi ya umoyo

Mwina wina afunsa kuti, “Nanga za maofesi ndi makompyuta zilowa bwanji pa tsamba la zaumoyo?” Zilowa motere. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tili oposa mamiliyoni 19, ndipo Cigawo ca Kum'mawa cili ndi anthu oposa mamiliyoni 2.4. Kucokera pa ziwerengero zotere ndi pamene timadziwa ana ofunika katemera, maukonde a udzudzu ofunika kugawidwa, ndi amai amene tiyembekeza ku sikelo caka cino. Anthu akabisa zoona, ciwerengero cicepa, ndipo mankhwala nawo abwera ocepa. Wovutika ndi mwana wa kutali, amene mai wake wayenda mtunda wautali kufika ku kiliniki n'kupeza katemera watha.

Ndipo anthu sabisa popanda cifukwa. Makolo athu anali ndi mbiri ya amunyama m'nthawi ya atsamunda. Masiku ano mumva ena akuti otenga magazi ndi a Satana. Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe m'dziko la Malawi, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu, ndipo mu 2020 kuno kwathu mphekesera za opopera mankhwala m'nyumba zinacititsa kuti anthu osalakwa aphedwe ndi magulu okwiya. Pamene mantha ali pafupi conco, cinsinsi cimodzi cikaululika ciononga nchito ya zaka zambiri. Mai amene wamva kuti zotsatira za mnzake zadziwika pa msika sadzabweranso kudzapimitsa, ndipo bambo wa pa mankhwala a ma ARV adzayamba kudumpha masiku poopa kuonedwa. Cikhulupiriro ca anthu ndi mankhwala amene sitingaitanitse ku sitolo ya boma.

Mbali ina ya nkhaniyi

Sindingabise kuti odandaula ali ndi mfundo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zambiri zimene tidziwa za Edzi, malungo ndi imfa za amai pobereka tazidziwa cifukwa ca ofufuza. Ziwerengero zimene zangokhomedwa m'kabati sizicilitsa munthu, pamene ndalama zozisonkhanitsira zinali zambiri. Ndiponso si cilungamo kuti yunivesite yolemera ya kunja, yokhala ndi maloya ndi makompyuta amphamvu, ikwanitse zofunika zonse mosavuta, pamene namwino wa ku Nyimba wofuna kudziwa cifukwa cake atsikana ambiri atenga mimba akali aang'ono alephera ndi mtengo wa ulendo wa ku Lusaka.

Koma mankhwala a vutoli si kucotsa loko. Mankhwala ake ndi kuika makiyi pafupi. Pempho langa kwa akuluakulu ndi ili: zofunika zonse zilembedwe momveka pa pepala limodzi; wopempha auzidwe masiku amene adzalandira yankho; ophunzira ndi anchito a zaumoyo a m'maboma acepetseredwe malipiro; ndipo ku Chipata kukhale cipinda cotetezedwa kumene munthu wa m'cigawo cino angawerengere ziwerengero popanda kuoloka mlatho wa Luangwa. Pamwamba pa izi, wofufuza aliyense akakamizidwe kubweza zimene wapeza kwa eni ake. Ngati anafunsa anthu a kwa Nyalugwe, kwa Luembe, kwa Ndake kapena kwa Kalindawalo, abwerere akafotokoze pamaso pa mafumu ndi makomiti a zaumoyo m'cilankhulo cimene anthu amva. Si bwino kuti munthu atenge digiri ndi mavuto athu, ife osamva n'komwe cimene anapeza.

Zimene inu mungacite

Safunsa anadya phula. Munthu akafika pakhomo ndi mafunso, mulandireni mwaulemu, koma muone citupa cake ndi kalata yomuloleza. Mufunseni kuti watumidwa ndi yani, mayankho adzasungidwa kuti, ndipo ndani adzawaona. Kalembera wa boma lamulo lifuna kuti tiyankhe, ndipo tiyankhe zoona. Koma kafukufuku wa zaumoyo ndi wodzifunira: muli ndi ufulu wokana kapena wolekera panjira, ndipo thandizo lanu ku cipatala silidzacepa cifukwa ca ico. Musasaine kapena kudinda cala pa pepala limene sanakuwerengereni m'cilankhulo canu. Mafunso a m'thupi ayankhidwe pambali, osati pamaso pa ana kapena apongozi. Musalole munthu kujambula khadi lanu la ku cipatala kapena citupa canu ndi foni popanda cifukwa comveka. Mukakayika, funsani ku kiliniki yapafupi kapena kwa a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu. Musamenye kapena kuthamangitsa munthu cifukwa ca mphekesera.

Kwa anzanga a m'zipatala nditi: buku la odwala si lathu, tinangosungitsidwa. Kwa ofufuza nditi: musakwiye mukaimikidwa pakhomo. Mzere uliwonse wa pa kompyuta yanu ndi munthu amene anakupatsani mpando, nakuuzani zimene sanauze ngakhale mlongo wake. Mnyamata uja wa foni anabweranso patapita miyezi, ali ndi makalata onse. Tinamupatsa cipinda ndi fomu yopanda maina, foni anaisiya pa tebulo langa, ndipo nchito yake anaitsiriza. Amai amene anawalemba akali kubwera ku sikelo, mitu ili m'mwamba.