Nkhondo ndi anansi, ngakhale ku Peru

Akuluakulu adati nkhondo ndi anansi, ndipo wokayika mwambiwu aone chimene chidagwetsa ufumu wa Ainka. Pa 16 Novembala 1532, Francisco Pizarro, mtsogoleri wa Aspanya, adagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca ali ndi asilikali 168 okha. Dziko la anthu mamiliyoni, lamisewu yochokera ku Quito kudzera ku Cusco mpaka ku Chile, silingagwe ndi kagulu kotere pokhapokha chiswe chitadya kale nsichi. Mfumu Huayna Capac itamwalira cha m'ma 1527, ana ake Huáscar ndi Atahualpa adalimbirana mpando mpaka mwazi kuyenderera, ndipo Pizarro adafika anthu akadali pa maliro. Chodabwitsa n'chakuti Atahualpa, ali kale m'manja mwa alendo, akusonkhetsa golide wodzaza chipinda kuti adziwombole, adalamula kuti mbale wakeyo aphedwe. Mlendo adamuyesa wongodutsa.

Ena anena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Aspanya anali ndi akavalo, malupanga achitsulo ndi mfuti, ndipo nthomba yomwe idadza ndi azungu idapulula anthu osawerengeka. N'zoona, ndipo palibe angaikire kumbuyo Pizarro, amene adalandira golideyo koma n'kupha Atahualpa mu 1533. Komatu kalumo sikameta kokha, kamafuna dzanja. Manjawo anali a Cañari, Huanca ndi Chachapoya, mitundu imene Ainka adaigonjetsa, kuigwiritsa thangata, ena kuwachotsa pa nthaka ya makolo awo n'kukawaika kutali. Anthu amenewa ndiwo adasenzera Aspanya katundu, kuwalondolera njira ndi kuwathandiza pa nkhondo. Kuti pambuyo pake nawonso adalira m'goli la Aspanya, imeneyo ndi nkhani ina. Panthawiyo adangoona mpata wotula goli lakale.

Masiku ano atsogoleri a maboma ndi zipani, zinthu zikawathina, amathamangira kuloza chala kunja. Safunsa kuti ndi chigawo chiti adachimana chakudya, kapena chifukwa chiyani nkhani ya wolowa m'malo amaisiya mpaka mwini mpando atatsikira kuli chete. Kukhala duu kwa anthu ogonjetsedwa iwo amakuyesa chikondi, monga ankayesera Ainka. Pamene Manco Inca, mfumu ya Ainka panthawiyo, adazinga Cusco mu 1536 kuti apirikitse alendowo, adapeza ankhondo a Cañari ndi Chachapoya ali m'kati mwa mzindawo, akutchinjiriza Aspanya.