MLANDU SUOLA, KOMA LAMULO LILI NDI TSIKU LOTSEKERA

Makolo adati mlandu suola. M'mabwalo a mafumu mawuwa akali ndi mphamvu, pakuti mbuzi imene agogo adabwereka imatha kubwezedwa ndi mdzukulu popanda wina wodabwa. Koma wogwira ntchito m'boma amene amakwera ku Capital Hill m'mawa uliwonse ayenera kudziwa kuti lamulo lolembedwa siliyenda motero. Lamulo la dziko lino lotchedwa Limitation Act limapereka zaka 6 kwa munthu amene walakwiridwa pa pangano kuti akasume ku bwalo la milandu. Zakazo zikatha, wolakwayo angathe kungoloza pa kalendala, ndipo mlandu uthera pomwepo ngakhale umboni utadzaza thumba.

Nkhaniyi ikukhudza makamaka awo amene amatenga ngongole zodulidwa pa malipiro. Mlembi, mphunzitsi, namwino kapena mesenjala akapanikizika ndi fizi ya mwana kapena maliro a kumudzi, amatsikira ku Old Town kapena ku City Centre kumene kuli mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama. Amampatsa mapepala a Chingerezi, olembedwa ndi zilembo zazing'ono ngati nyerere, namuuza kuti asaine apa ndi apa. Iye maso ali pa ndalama, ndipo kumbuyo kwake kuli mzere wa anzake amene akudikira. Pakati pa mapepalawo kawirikawiri pamakhala inshuwalansi ya ngongole, imene mtengo wake umachotsedwa pa ndalama zimene walandira kapena umaphatikizidwa ku ngongoleyo kuti nawonso ubale chiwongoladzanja.

Inshuwalansi yotere payokha ndi chinthu chabwino. Wobwereka akamwalira kapena akalumala, kampani ya inshuwalansi ndiyo imamaliza ngongole, ndipo mkazi wamasiye ndi ana sasautsidwa. Kuipa kumayamba pamene munthu wagulitsidwa chinthu osauzidwa, kapena wauzidwa kuti alibe ufulu wosankha kampani ina, kapena walipiritsidwa chitetezo chimene iye sangapindule nacho. Munthu wopuma pa ntchito sangachotsedwenso ntchito. Mayi wogulitsa nsalu mu Malangalanga Road alibe bwana womchotsa. Kuwalipiritsa anthu otere chitetezo cha kutha kwa ntchito kuli ngati kugulitsa nsapato kwa nsomba.

Dziko la Britain lidadutsa m'njira imeneyi, ndipo nkhani yake iyenera kuwerengedwa bwino ndi onse amene ali ndi udindo kuno. Kumeneko mabanki adagulitsa inshuwalansi yotchedwa PPI pamodzi ndi ngongole ndi makhadi kwa zaka zambiri, makamaka kuchokera mu 1990 mpaka 2010, ndipo mapangano ake adakwana pafupifupi 64 miliyoni. Bungwe la Citizens Advice lidapereka dandaulo lalikulu mu 2005. Mabanki adalimbalimba mpaka mu April 2011 pamene bwalo la High Court lidakana pempho la bungwe lawo, British Bankers' Association. Kuchokera pamenepo ndalama zidayamba kubwerera kwa eni ake, ndipo pomalizira pake zidapitirira mapaundi 38 biliyoni.

Chimene chidavumbulula kukula kwa dyeralo ndi mlandu wodziwika ndi dzina la Plevin, umene bwalo la Supreme Court lidagamula mu 2014. Mayi wamasiye adatenga ngongole mu 2006, nalipira mapaundi 5,780 a inshuwalansi. Pa ndalama zimenezo, magawo 71.8 pa 100 adapita m'matumba a wobwereketsa ndi mkhalapakati ngati komishoni, iye osauzidwa. Bwalo lidati kubisa komishoni yaikulu chotero kudachititsa kuti ubale wa wobwereketsa ndi wobwereka ukhale wosalungama. Pambuyo pake bungwe loyang'anira za ndalama, Financial Conduct Authority, lidakhazikitsa kuti komishoni yobisika yopitirira theka la mtengo ibwezedwe kwa mwini wake.

Tsono mabanki adapempha kuti pakhale tsiku lotsekera madandaulo, ndipo pempholi lidali ndi nzeru yake. Palibe kampani imene ingasunge mabuku ake otsegula mpaka muyaya. Mapepala amatayika, amene adagulitsa amamwalira kapena kusamuka, ndipo chikumbumtima cha munthu chimazilala. Ngakhale wodandaula amene akuti adzapita mawa amafuna chomkankha. Tsikulo lidaikidwa kukhala 29 August 2019.

Chofunika kuona ndi zimene zidatsogolera tsikulo. Chiganizocho chidalengezedwa mu March 2017, ndipo anthu adapatsidwa zaka ziwiri zathunthu kuyambira mu August chaka chomwecho. M'zaka ziwirizo uthenga udamveka pa wailesi, pa kanema ndi m'nyuzipepala, mpaka adapanga chidole cha mutu wa Arnold Schwarzenegger chimene chinkakalipira anthu kuti asazengereze. Ndalama za kulengezaku zidachokera kwa makampani omwewo amene adali ndi madandaulo ambiri. Kampani iliyonse idayenera kuyankha dandaulo pasanathe masabata 8, ndipo wosakhutira adali ndi miyezi 6 yokapititsa nkhani yake kwaulere ku Financial Ombudsman Service. Khomo lidatsekedwa belu litalira kwa zaka ziwiri. Ngakhale zidatero, m'masiku otsiriza madandaulo adasefukira kotero kuti mabanki adachita kuonjezera ndalama zimene adapatula.

Ndipo tsiku lija silidatseke mabwalo a milandu. Mu November 2023 bwalo la Supreme Court, pa mlandu wa kampani ya Canada Square, lidagamula kuti pamene wobwereketsa wabisa dala komishoni, zaka 6 siziyamba kuwerengedwa mpaka wolakwiridwayo atadziwa kapena atakhala ndi mpata wodziwa. Pa mlandu umenewo komishoni idaposa magawo 95 pa 100. Mfundo yake ndi yomveka ngakhale kwa mfumu ya kumudzi: wobisa mbuzi ya mnzake m'khola mwake sanganene kuti mwini wake adachedwa kuifuna.

Abale amene ali ku South Africa adaonanso zofanana. Kumeneko kampani yogulitsa mipando pa ngongole ya Lewis idavomera mu 2015 kubweza ndalama kwa anthu opuma pa ntchito ndi odzilemba okha ntchito amene adagulitsidwa chitetezo cha kutha kwa ntchito, ndipo mu August 2017 boma lidaika malire a mtengo wa inshuwalansi ya ngongole, R4.50 pa R1,000 iliyonse pamwezi pa ngongole zambiri.

Kuno kwathu zida zilipo. Lamulo la Financial Services Act la 2010 lidaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala woyang'anira mabungwe onse a zachuma, mabanki, makampani a inshuwalansi ndi obwereketsa ang'onoang'ono omwe, ndipo likulu la bankiyo lili pa City Centre pomwepa. Pali lamulo loteteza ogula la 2003. Pali bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene lamulo lake latsopano lidaperekedwa mu 2024. Chimene chikusowa ndi belu lija. Nthawi ikuwerengedwa mwakachetechete pa mapangano ochuluka amene eni ake sadawawerenge, ndipo ena sadapatsidwe n'komwe kope loti apite nalo kunyumba.

Apa ndi pamene malire a nthawi amasankha nkhope, ngakhale pa pepala amaoneka ofanana kwa onse. Bwana wa ku Area 10 kapena Area 43 ali ndi kabati ya mafayilo m'nyumba mwake, ali ndi mnzake loya amene amakumana naye ku Lilongwe Golf Club, ndipo akaimba foni ku banki amayankhidwa ndi manijala. Kwa iye zaka 6 ndi nthawi yotayirira. Mesenjala wa mu ofesi yomweyo amaona pa pepala lake la malipiro mzere wa zilembo zachidule ndi nambala, osadziwa kuti ndalamayo ikupita kuti. Akafunsa ku ofesi ya malipiro amamuuza kuti akafunse kumene adabwereka. Akapita kumeneko amamuuza kuti abwere Lachinayi, bwana palibe. Akamsamutsira ku Chitipa kapena ku Nsanje, nkhaniyo yagona. Lachinayi lililonse lotere limadya nthawi ya wodandaula, pamene kwa wolakwayo ndi phindu.

Kuchedwa kuli ndi mtengo wina umene a ku Britain sadaulawe kwenikweni. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adadulidwa ndalama mosayenera mu 2021, akabwezeredwa chiwerengero chomwecho patapita zaka, ndiye kuti wabwezeredwa gawo chabe la chimanga chimene akadagula. Chifukwa chake kubweza kulikonse kuyenera kudza ndi chiwongoladzanja, monga momwe wobwereketsa amafunira chake akachedweredwa ngakhale mwezi umodzi.

Chomvetsa chisoni koposa ndi cha amasiye. Wogwira ntchito akamwalira ali ndi ngongole, inshuwalansi imene ankalipira mwezi ndi mwezi ndiyo iyenera kugwira ntchito tsiku limenelo. Koma mapangano a inshuwalansi amakhala ndi nthawi yawo yodziwitsira za imfa, yofupika kwambiri kuyerekeza ndi zaka za ku khoti. Mayi amene ali m'maliro, amene mwina sankadziwa n'komwe za ngongoleyo, angadziwe bwanji za inshuwalansi yake? Ngati palibe womuuza, adzangoona kuti ndalama za malemu zafika zoperewera, nathokoza kuti wapatsidwako. Wobwereketsa amene amamva za imfayo malipiro akangoima ndiye ayenera kusenza udindo wodziwitsa kampani ya inshuwalansi, ndipo nthawi isamdule wamasiye chifukwa cha ulesi wa ena.

Choncho ngati oyang'anira za ndalama adzaona kuti nkofunika kuika tsiku lotsekera madandaulo a mtundu umenewu, aliike, pakuti dziko silingayende ndi milandu yosatha. Koma lisaikidwe wobwereka aliyense asanalandire kalata ya m'Chichewa kapena m'Chitumbuka yofotokoza kuti adalipira zingati za inshuwalansi, kwa kampani iti, ndi kuti wobwereketsa adatengapo zingati. Uthengawo umveke pa wailesi ndiponso ulembedwe pa pepala la malipiro, mtengo wake ulipidwe ndi ogulitsa. Nthawi iyambe tsiku limene munthu wauzidwa, ndipo iime pamene dandaulo lake lili pa desiki la kampani. Pakhalenso tcheru ndi madobadoba. Ku Britain kudabuka makampani otapa gawo lalikulu la ndalama za odandaula chifukwa chongowalembera kalata, mpaka mu 2018 boma lidawaikira malire a magawo 20 pa 100. Kuno anthu otere sadzachedwa kuima pa makomo a maofesi.

Pakali pano udindo uli ndi mwini ngongole, pakuti safunsa adadya phula. Atsogoleri a m'nthambi ndi akuluakulu a m'maofesi achite bwino kukumbutsa anthu awo kuti afunefune mapepala a ngongole zakale, ngakhale zimene zidatha kale kubwezedwa, aone tsiku limene adasaina ndi kuwerenga zaka. Amene alibe kope akalipemphe. Dandaulo liyambire kwa wobwereketsa ndipo likhale lolemba, pakuti mawu a pakamwa pa kauntala sasiya phazi. Kalatayo ikhale iwiri, ina itsale, ina abwerere nayo itadindidwa chidindo cha tsiku limene yalandiridwa. Yankho likapanda kubwera, kapena likabwera lozemba, kope lodindidwalo ndilo apite nalo ku Reserve Bank.