Amuna ogona m'makonde aja anali ana a m'midzi yathu: pempho kwa anthu a ku Mangochi

Abale ndi alongo a ku Makanjira, Namwera, Monkey Bay, Chembe ndi pa boma pano,

Tonse timawadziwa. Masitolo akatsekedwa amayala makatoni m'makonde. Ena amagona mumsika, ena cha ku mlatho wa Bakili Muluzi, ena kumadoko pansi pa mathandala oyanikapo usipa. Timawatcha amisala. Timati uyu anaphonya chizimba pofuna kulemera, uyo chamba chinamuzunguza mutu. Chamba ndi kachasu zilipodi, sitikukana. Koma ife, nzika zina za boma lino zimene timakumana pokambirana za umoyo wa ana, tikuti kwa ambiri mwa amunawa vuto linayamba asanalawe kachasu, ali ana m'nyumba zathu zomwezi.

Kafukufuku wa boma wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu alionse m'Malawi anamenyedwapo kapena kuchitidwa nkhanza zina zapathupi asanakwanitse zaka 18, ndipo mmodzi mwa 7 anachitidwapo nkhanza zogonana. Za atsikana tinayamba kulankhula, ndipo n'zoyenera. Mnyamata timangomuuza kuti mwamuna salira. Kunja nakonso, magazini ya zaumoyo ya Lancet Public Health inasonkhanitsa mu 2021 kafukufuku wa akuluakulu osowa pokhala, makamaka a ku America: pafupifupi 9 mwa 10 alionse anakumana ndi zowawa zazikulu ali ana, ndipo oposa theka anakumana ndi mitundu inayi ya zowawazi kapena kuposerapo.

Tawerengani zaka. Bambo wa zaka 40 amene akugona pakhonde lero anali mwana nthawi imene Edzi inkapululutsa anthu kunyanja kuno, ma ARV aulere asanayambe mu 2004. Anaika mayi, anaika bambo, achibale n'kugawana bwato, ukonde ndi malata, iye n'kumangosinthidwa makomo. Kwina ankadya anzake atatha, kwina ankagona kukhitchini. Wina makolo anali moyo, koma bambo anapita ku Joni osabwerera, mayi n'kukwatiwanso ndi mwamuna wosafuna kuona mwana wa mnzake pamkeka. Mwana wotere kudoko kumamukoka. Amayamba ndi kukapa madzi m'bwato, kenako kukoka nawo chilimira usiku wonse ndi alovi akuluakulu, sukulu n'kuthera pomwepo. Akamuchita zamanyazi kumeneko sauza munthu. Angauze ndani?

Madokotala amanena kuti mwana wokulira m'mantha thupi lake limazolowera kukhala tcheru usana ndi usiku. Akakula tulo sabwera, kaphokoso pang'ono kamamudzidzimutsa, sachedwa kupsa mtima, ndipo sakhulupirira aliyense. Mowa umamugonetsa, n'chifukwa chake sausiya. Ganyu amayambana ndi bwana. Banja likatha, kuno kwathu kwa chikamwini mwamuna ndiye amanyamula kachikwama, ndipo amene kwawo anachokako ali mwana wothamangitsidwa alibe mudzi wobwererako. Apa m'pamene pamasiyana munthu wogona panja mwezi umodzi ndi wogona panja zaka khumi. Mungamupezere kachipinda, mawa mumupeza wabwerera kumsika, chifukwa kwa iye nyumba yotseka chitseko ndi malo amene ankamenyedwerako.

Kukwidzinga anthu otere sikunathandizepo. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene apolisi ankagwirira anthu pa vakabu, likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Kusowa pogona si mlandu.

Choncho tikupempha. Makolo, letsani ana kuwagenda ndi kuwaimba nyimbo zachipongwe, ndipo inu achinyamata lekani kuwajambula n'kumawaseketsa pa WhatsApp. Mukamapatsa munthu mbale ya nsima mufunseni dzina ndi kwawo. Amenewo ndiwo mayambidwe opezera abale ake. Amene akuoneka kuti wadwala maganizo tisamumange ndi unyolo pamtengo. Timuperekeze ku chipatala cha boma pa Mangochi, komwe angathe kumutumiza ku chipatala cha amisala ku Zomba ngati pafunika kutero. Akabwerako ndi pamene ntchito yathu imakula, poti mankhwala safuna kudumphitsa ndipo munthu wopanda womuyang'anira amabwerera pakhonde pomwe paja.

Mafumu athu, masheikh, abusa ndi ansembe, mawu anu amamveka kuposa athu. Nenani Lachisanu kumzikiti ndi Lamulungu kutchalitchi kuti kutentha mwana manja chifukwa waba ndiwo si mwambo, ndi mlandu. Angaliba, anyamata amakhala m'manja mwanu milungu ingapo kundagala. Auzeni kuti mwamuna amene wachitidwa chipongwe akanena sanachite manyazi. Eni mabwato ndi makomiti a m'madoko, musalembe ana a sukulu. Atsibweni, mwana wa mlongo wanu akamagona panja chifukwa cha bambo womupeza, nkhaniyo ndi yanu.

Lamulo loteteza ana la mu 2010 lilipo kale, ndipo limateteza mnyamata chimodzimodzi ndi mtsikana. Mukaona mwana akuzunzidwa, kanenani kwa amfumu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, kapena ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi. Muthanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Imbani ngakhale mwanayo si wanu.

Ndife anzanu,
Nzika zokhudzidwa za m'boma la Mangochi