Kulira kwa nkhululu ku Tembisa

Mvula ikayamba mu Okutobala, Amalawi okhala ku Tembisa ndi ku Daveyton, m'dera la Ekurhuleni, amamvanso phokoso lomwe adalisiya kumudzi: kulira kwa nkhululu ndi tizilombo tina ta mtundu wake. Zimene zimalira ndi zazimuna zokha. Zimakhulitsa mapiko akutsogolo poitana zazikazi, ndipo usiku ukatentha zimalira mofulumira.

Kwa mlimi wa kadimba ka kuseri kwa nyumba, nkhawa yeniyeni ndi mbande. Nkhululu imatuluka usiku, kudula mbande za mpiru kapena tomato, n'kukokera masamba kuuna kwake. Kamulu ka dothi latsopano m'mawa ndiko kamasonyeza pomwe yabisala.

Choopsa chachikulu chimabwera pamene munthu, atatopa ndi phokoso, agula kapaketi ka poizoni kopanda dzina pamsewu. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi adamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo akuluakulu a zaumoyo adapeza kuti chidawapha ndi terbufos, mankhwala a m'minda omwe amagulitsidwa mozemba ngati ophera makoswe ndi mphemvu. M'chipinda chimodzi chomwe banja limaphikiramo ndi kugonamo, poizoni wotere sakhala kutali ndi mbale ya mwana.

Alangizi a m'madera akumbutse mabanja njira yakale: kukumba una ndi khasu, kapena kuthiramo madzi mpaka nkhululu ituluke, ndi kutseka ming'alu ya pakhoma. Okonda nkhululu zokazinga asatole za m'dimba lomwe mwathiridwa mankhwala.