MWANA AKATI "NDIKUKWEZA KHADI LANGA," KODI TIMVE CIANI?

Mwezi uno tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya cibwana, cikhalireco inalowa kale m'nyumba zathu ndipo yayamba kudya nthawi ndi ndalama. Tikunena za mpira umene ana athu amasewera pa foni, pa kompyuta ndi pa makina onga PlayStation, makamaka cizolowezi cimene iwo amati kukweza makhadi a osewera. Ife amene tinakula ndi mpira wa nsanza, n'kumamvera malemu Dennis Liwewe akufuula pa wailesi, tikamva mau otere timangoti kukamwa yasa. Ena timakalipa, ena timangoyang'ana kumbali. Koma kukalipira cinthu cimene sitikucidziwa n'kuponya mwala mumdima, ndipo kulekerera n'kusiya mbuzi m'munda wa cimanga. Ndi bwino tiyambe tamvetsa mmene zinthuzi zimayendera.

Khadi limeneli n'ciani?

Masewera ochuka kwambiri a mtundu umenewu amapangidwa ndi kampani ya ku America yochedwa Electronic Arts. Anayamba mu 1993 ndipo kwa zaka zambiri anadziwika ndi dzina lakuti FIFA, kufikira mu 2023 pamene dzinalo linasintha n'kukhala EA Sports FC. Mu 2009 kampaniyo inaonjezamo cigawo cochedwa Ultimate Team. M'cigawo cimeneci mwana sasankha timu yopangidwa kale, koma amamanga yakeyake posonkhanitsa makhadi. Khadilo si pepala logwirika ndi manja ai. Ndi cithunzi ca pa galasi cokhala ndi nkhope ya wosewera weniweni, dzina lake, dziko lake, ndi manambala oonetsa liwiro lake, kumenya kwake kugolo, kupatsira, kuzemba adani ndi mpira, kuchinga ndi mphamvu za thupi. Pamwamba pa khadi pamakhala nambala imodzi yaikulu, imene singapitirire 99. Makhadi osapitirira 64 ndi a mkuwa, a 65 mpaka 74 ndi a siliva, ndipo oyambira 75 ndi a golide.

Ana athu enieni alimo m'makhadi amenewa. Patson Daka atapita ku Leicester City mu 2021, anyamata ambiri kuno kwathu anafunitsitsa khadi lake. Kuyambira mu 2023 akazi naonso analowa mu Ultimate Team, motero maina onga Barbra Banda ndi Racheal Kundananji amaoneka pa timu imodzi ndi amuna ochuka a ku Ulaya. Tisadabwe tsono kuti mtima wa mwana umakokeka, pakuti amaonamo mbendera ya dziko lake.

Njira ziwiri zokwezera khadi

Njira yoyamba ndi ya thukuta. Mwana akasewera ndi kupambana amalandira timakobiri ta m'masewera momwemo, ndipo nato amagula makhadi abwinopo pa msika wa m'menemo, pamene kampani imadulapo 5 pa 100 pa malonda alionse. Angathenso kupereka makhadi ambiri ang'onoang'ono kuti alandire limodzi lalikulu, ndipo operekedwao sabwereranso. Mu 2023 anayambitsanso cimene amacicha Evolutions: mwana amasankha wosewera wa manambala otsika, n'kukwaniritsa naye nchito zimene wapatsidwa, monga kupambana masewera angapo kapena kugoletsa zigoli zakutizakuti, ndipo manambala a khadilo amakwera. Zina mwa nchitozi n'zaulere, zina n'zolipira, ndipo khadi lokwezedwa motere siligulitsikanso.

Njira yaciwiri ndi ya thumba. Munthu amagula mapointi ndi ndalama zenizeni, n'kugula nao maphukusi otsekedwa. Ambiri mwa maphukusi amenewa wogula sadziwa cimene cili m'kati kufikira atalipira. Phukusi likamatseguka pamakhala kuwala, nyimbo ndi mbendera, mtima wa mwana uli phaphapha, kenaka n'kutuluka wosewera wamba amene ali naye kale. Kuyambira mu 2018 kampaniyo inayamba kuonetsa mwai wopezera makhadi osiyanasiyana, ndipo pa ena apamwamba kwambiri inalemba yokha kuti mwai wake sufika ngakhale 1 pa 100. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso cinthu cina cimene makolo ambiri sacidziwa. Caka ciliconse, ca m'ma September, kumatuluka masewera atsopano, ndipo makhadi ndi timakobiri ta caka catha sizisamukira ku atsopanowo. Timu imene mwana anaivutikira miyezi khumi ndi iwiri imatsalira m'masewera akale amene anzake onse awasiya, iye n'kuyambanso pansi. Ngakhale m'kati mwa caka, pafupifupi sabata iliyonse kumatuluka makhadi atsopano oposa a dzana, kotero kuti khadi limene linali mfumu pa Krisimasi limakhala kapolo pofika Pasaka. Umu ndi mmene malondawa anakonzedwera, kuti njala isathe. M'caka cake ca malonda ca 2021 kampaniyo inalengeza kuti Ultimate Team, kuphatikiza ya mpira ndi ya masewera ake ena, inaibweretsera madola a ku America 1.62 biliyoni. Ndalama zonsezo zinacokera m'matumba a anthu, ndipo ena mwa matumbao anali a makolo osadziwa kanthu.

Kodi ndi njuga?

Funso limeneli lavutitsa ngakhale maboma. Mu 2018 bungwe loyang'anira njuga ku Belgium linagamula kuti maphukusi otere, ogulidwa ndi ndalama, ndi njuga, ndipo mu January 2019 kampaniyo inaleka kugulitsa mapointi ake m'dzikolo. Ku Netherlands khoti lina linavomereza cilango pa kampaniyo mu 2020, koma khoti lalikulu linafafaniza cigamuloco mu 2022. Tikuona kuti a malamulo sanamvane cimodzi. Ife Akristu sitiyenera kudikira kuti makhoti a kutali atiuze zocita pakhomo pathu, pakuti Eklezia anatipatsa kale muyeso. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, pa nambala 2413, pofotokoza lamulo lacisanu ndi ciwiri, amaphunzitsa kuti masewera a mwai mwa iwo okha si chimo, koma amasanduka oipa akamalanda munthu zimene iye ndi a pabanja pake akufunikira, ndiponso kuti cilakolako ca njuga cingathe kumanga munthu ukapolo woopsa.

Tiyeni tiike muyeso umenewu pa nyumba zathu. Ndalama imene yagula phukusi ikakhala ya ufa, ya makala, ya yunifomu kapena ya mankhwala a agogo, cilungamo caphwanyika. Mwana akatenga foni ya amake usiku n'kucotsamo ndalama cifukwa anaonera nambala yacinsinsi, kumeneko n'kuba, ngakhale cimene wagula cikhale cithunzi cabe. Ndipo mwana wa zaka 12 amene wazolowera kugunda kwa mtima kuja poyembekeza phukusi, akadzafika zaka 18 sadzacita cilendo pa khomo la nyumba zobecherana mpira zimene zadzaza m'makomboni ndi m'misika yathu. Njira yake idzakhala italambulidwa kale. Nalonso bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, mu 2019 linaika kumwerekera ndi masewera a pa kompyuta pa mndandanda wa matenda, ponena za munthu amene walephereratu kudziletsa mpaka sukulu, nchito ndi ubale wake zaonongeka.

Tisataye nkhwangwa ndi mpini womwe

Pamenepa wina angati, "Basi tiphwanye mafoni onse." Ai, abale. Kusewera ndi mphatso ya Mulungu, ndipo Yohane Bosco Woyera anakokera anyamata a m'miseu ya ku Turin kwa Ambuye kudzera m'masewera. M'kukweza makhadi mwa njira ya thukuta muli maphunziro amene sitiyenera kuwanyoza. Mwana amene amasunga timakobiri take milungu itatu osagula cisawawa akuphunzira kudikira. Amene amayerekeza mitengo pa msika uja, n'kuwerengera 5 pa 100 ya msonkho asanagulitse, akucita masamu amene mwina m'kalasi amawathawa. Amene watenga wosewera wonyozeka wa siliva n'kumulera mpaka kufika pa golide walawako coonadi cakuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Nchito yathu ndi kumuthandiza kuona kuti luso lomwelo likufunika pa buku la sayansi, pa dimba ndi pa moyo wa sala ndi mapemphero.

Komabe pali phunziro lina lozama limene makhadi sangaphunzitse, ndipo likapanda kucokera kwa ife silidzacokera kwina. Khadi limazoloweza mwana kuyesa munthu ndi nambala: uyu ndi 91, ngofunika; uyu ndi 63, ngotaya. Tikumbukire Enock Mwepu, mwana wa ku Chambishi amene okonda mpira anamucha Computer cifukwa ca nzeru zake pabwalo. Anafika ku Brighton mu 2021, koma mu October 2022, ali ndi zaka 24 zokha, analeka kusewera madokotala atamupeza ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo. M'masewera a pa galasi munthu wotere amangozimirira, ana n'kusaka khadi lina. Koma pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa a kwao, ulemu wake sunatsike ngakhale pang'ono tsiku limene anavula nsapato za mpira. Mwana amene wamvetsa zimenezi sadzanyoza mnzake wolumala, kapena mbale wake amene walephera mayeso a Giredi 12, ndipo iye mwini sadzataya mtima tsiku limene dziko lidzamupatse nambala yotsika.

Nanga ticite ciani?

Coyamba, tikhale pansi ndi mwana, atisonyeze timu yake. Timufunse kuti khadi ili analipeza bwanji, ndipo linadya masiku angati kapena ndalama zingati. Mwana amakondwa kuphunzitsa kholo lake, ndipo pa kuceza kotere timamva zambiri zimene ndodo singatulutse.

Caciwiri, tigwirizane lamulo lomveka: pakhomo pano sitigula phukusi lotsekedwa ndi ndalama. Tifotokoze cifukwa cake, kuti mlimi wanzeru sagula thumba la mbeu asanaone cimene cili m'kati. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni ikhale ya kholo lokha. Makina ambiri a masewera ali ndi malo pamene kholo lingaike malire a nthawi ndi a ndalama. Ngati sitidziwa kuwachera, tipemphe wacinyamata wokhulupirika wa mumphakati mwathu atithandize. Ticenjezenso ana za anthu a pa intaneti amene amalonjeza timakobiri taulere kapena tochipa. Ambiri ndi mbala zofuna mau acinsinsi, ndiponso kampaniyo imatsekera kunja ogula mwa njira imeneyo.

Cacitatu, nthawi ikhale ndi mpanda. Nchito ya kusukulu, nchito za pakhomo, cakudya ca pamodzi ndi pemphero la madzulo zikhale patsogolo. Masewerawa amaika mipikisano yao yaikulu kumapeto kwa sabata, ndiye tisadabwe mwana akamaodzera pa Misa. Foni igone kucipinda ca makolo Loweruka usiku.

Cacinai, ngati mwana waba kale, tisabise ndipo tisamucititse manyazi pagulu. Abweze cimene anatenga, kaya ndi nchito ya manja ake, ndipo timuperekeze ku Sakramenti la Kulapa, kuti adziwe kuti kugwa si mapeto.

Cacisanu, tidziyang'ane tokha. Bambo amene amathera malipiro pa kubecha matimu a ku England alibe pakamwa poletsera mwana maphukusi. Mwana amaonera mapazi athu kuposa milomo yathu. Ndipo mabwalo a maparishi athu asamere udzu: tiwagulire ana mpira weniweni, akathamange, akagwe, akadzuke, akaphunzire kugonja popanda ndeu.

Eklezia watipatsa citsanzo ca m'badwo womwewu. Carlo Acutis anabadwa mu 1991, anakulira ku Milan, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006 ali ndi zaka 15. Anali mnyamata wokonda kompyuta, ndipo anali nayo PlayStation, koma anadziikira yekha malire a ora limodzi pa sabata. Luso lake analigwiritsa nchito posonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia kuti anthu azidziwe. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala Woyera pa 7 September 2025. Sanataye makina ake, koma sanalole kuti makinao amukwere pamsana.

M'fanizo la matalente, pa Mateyo 25, Ambuye akutikumbutsa kuti aliyense anapatsidwa cuma coti acicurukitse, ndipo adzafunsidwa. Ana athu ali ndi njala yokweza cinthu, ndipo njala imeneyo ndi yabwino. Kwatsala kwa ife kuwalozera cimene ciyenera kukwezedwa, cimene sicifafanizika September akafika. Kuongola mtengo m'poyamba.

Pokumana m'miphakati mwezi uno tifunsane: Kodi tikudziwa zimene ana athu amasewera ndi ndalama zimene zimapitako? Kodi ife akulu tikupereka citsanzo cotani pa nkhani ya kubecha? Nanga parishi yathu ingacite ciani kuti ana akhale ndi bwalo ndi mpira Loweruka masana?

Ambuye adalitse mabanja athu onse, ndipo Carlo Acutis Woyera apempherere ana athu. Tidzaonananso mwezi wamawa.