Tisanadule masipuling'i, tiyeni tikambilane

Tonse tinaionapo motoka ija imene ikafika pa hampu imacita kupingasa, kukwela tayala limodzi-limodzi monga nkhalamba pa masitepe, uku mabasi kumbuyo akuliza mahutala. Mwini wake watsitsa galasi, nyimbo zili pamwamba, alibe nazo nchito. Kukamba zoona, ambili a ife timaikhumbila. Altezza kapena Mark X yotsitsidwa imaoneka bwino ikaimikidwa pa car wash pa Ciwelu masana.

Ku wailesi kwathu, nkhani ya mamotoka ikabwela pa pulogilamu ya acinyamata, mafoni sapuma. Funso limene limabwela kawili-kawili n'lakuti: "Nidule makoilo angati kuti motoka yanga izigwila mseu monga za pa mpikisano?" Ise timayankha kuti osadula olo imodzi. Amene afuna motoka yokhota bwino ayambile kwina, ndipo akayesele ku malo otsekedwa kumene kuli wochi yoŵelenga nthawi.

Motoka yonse, na kulema kwake konse, imakhudza pansi pa malo anayi cabe, ndipo malo alionse ni aakulu monga cikhatho ca dzanja. Nchito ya suspension ni kusunga matayala anayi aja pansi. Sipuling'i imanyamula kulema na kulandila mabampu. Shoki imaletsa sipuling'i kuti isapitilize kudumpha. Opanga motoka anapima ziŵilizi kuti ziziyendela pamodzi.

Lomba tikatenga galainda n'kudula makoilo aŵili, sipuling'i imafupika ndiponso imalimba, koma shoki ikali ija yakale. Mpata umene tayala linali nawo wokwela na kutsika umacepa. Pa bampu yaing'ono cabe motoka imagunda pa labala yothela, tayala n'kudumpha. Tayala limene lili m'mwamba silikhota ndipo siligwila mabuleki. Cina, sipuling'i yofupika ingacoke pa mpando wake tayala likalendewela m'dzenje. Ena amaocha sipuling'i na gasi kuti ikhale pansi. Kumeneko ndiye kuipha, cifukwa moto umafooketsa citsulo ndipo tsiku lina cidzathyoka motoka ili pa liwilo.

Mnzathu wina amene timagwila naye nchito ku wailesi anadula masipuling'i a RunX yake, ise tikumuombela m'manja. Sipanapite mwezi, anagunda hampu usiku pobwelela ku komboni, sampu inang'ambika, oilo yonse n'kuthela pa mseu. Mwayi wake anazimya injini mwamsanga. Ndalama imene anali kusungila matayala inapita ku sampu, ku oilo na kwa okoka motoka, ndipo pothela pake anagulanso masipuling'i ena osadula. Ise amene tinali kuombela m'manja sitinasonkheko olo ngwee.

Pali maseŵela ena ochedwa autocross amene angatiphunzitse zambili pa nkhaniyi. Ku America amacitila pa bwalo lalikulu loimikapo mamotoka. Amandandalika makoni, aja apulasitiki amene timaona pamene akonza mseu, n'kupanga kanjila kokhotakhota. Motoka imaloŵa imodzi-imodzi, kuthamanga pafupi-fupi mineti imodzi, nthawi zambili mu giya yaciŵili cabe. Ukagwetsa koni amakuwonjezela masekondi 2. Ku Britain dzina lomweli amaitanila mpikisano wa pa udzu kapena pa dothi. Konse kuŵili, ambili amabwela na motoka wamba, ndipo wochi siona kukongola kwa malimu. Imaona cabe amene wamaliza mwamsanga.

Tikanakhala na ndalama yocepa yokonzela motoka ya maseŵela otelo, tikanayamba na zimene zinatha kale. Mamotoka athu ambili anabwela ku Japan atayenda kale, n'kudzawonjezela makilomita pa maenje a kuno. Mabushi ong'ambika, ball joint yogwedela na shoki yotaya mafuta zimalanda masekondi ambili kupambana kutalika kwa motoka. Mashoki timasintha aŵili-aŵili, akutsogolo pamodzi kapena akumbuyo pamodzi. Ndipo poloŵa pansi pa motoka, jeke yokha siyokwanila; pafunika zocilikiza zacitsulo.

Cotsatila ni matayala. Pa mbali pa tayala pali manambala anayi othela pa mzele woyamba na DOT. Aŵili oyamba ni wiki, aŵili othela ni caka. Mukaona 2318, tayala linapangidwa wiki ya 23 mu 2018. Tayala la salaula lingaoneke lili na mano, koma ngati n'lakale labala yake inauma ndipo imatelela. Mphepo ya m'tayala nayo ni cida caulele. Oseŵela autocross amalemba coko m'mphepete mwa tayala, n'kuthamanga ulendo umodzi. Coko cikafufutika mpaka m'mbali, ndiye kuti tayala likupindika pa kona, afunika kuwonjezela mphepo pang'ono.

Pambuyo pake ni alignment. Kupendeketsa tayala lakutsogolo pang'ono, kumwamba kuloŵe mkati na digili imodzi kapena ziŵili, kumathandiza kuti likhale bwino pansi motoka ikatsamila pa kona. Koma kuja kopendeketsa mpaka motoka kuoneka monga yathyoka miyendo kumadya tayala mkati ndipo kumatalikitsa mtunda woimila. Kwa a RunX, Vitz na zina zokoka na matayala akutsogolo, vuto lodziŵika n'lakuti ukakhota mothamanga mphuno imafuna kupitiliza kutsogolo. Stabilizer yolimbako kumbuyo imacepetsa zimenezi. Altezza imakankha na akumbuyo, conco mankhwala a RunX angaipangitse kutaya matako. N'cifukwa cake timasintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, n'kuyesa, n'kulemba nthawi mu kabuku.

Tidziŵa zimene ena adzakamba, cifukwa amatiuza pa foni. Amati ma coilover ni odula, galainda ni yochipa, ndipo motoka ni yawo. Pa mtengo akamba zoona. Komanso palibe colakwa kufuna motoka yooneka bwino. Ise tonse timapesa tsitsi tisanacoke pa nyumba. Amene afunadi kutsitsa asunge ndalama agule masipuling'i opangidwila motoka yakeyo pamodzi na mashoki oyenelana nawo, atsitse pang'ono, akacite alignment. Koma mau akuti "motoka ni yanga" amathela pa geti. Motoka imodzimodziyo ndiyo ipeleka ana ku sukulu, ndiyo inyamula amayi kupita ku cipatala usiku, ndiyo idutsa pakati pa anthu oyenda pansi ku Kalingalinga na ku Matero. Iwo sanavomele kuti tiyesele pa iwo sipuling'i yodula.

Ndipo tisanamizane kuti Great East Road pakati pa usiku ni bwalo la mpikisano. Pa mseu wa onse palibe amene amaphunzila kukhota, cifukwa ukalakwitsa kamodzi ulibe mpata woyesanso. Pa bwalo lotsekedwa ukalakwitsa umagwetsa koni, anzako n'kukuseka, iwe n'kubwelela pa mzele. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Dziko lathu si lacilendo ku maseŵela a mamotoka. Satwant Singh anatenga cikho ca African Rally Championship maulendo 8. Muna Singh anacitenga mu 2004 na 2005, ndipo Leroy Gomes mu 2022. Yang'anani zithunzi za mamotoka a rally pa miseu ya dothi: amakhala okwela, na mpata waukulu woti tayala liziseŵela, cifukwa nthaka ya kuno ndiyo imalamula. Bungwe loyang'anila maseŵelawa liliko, la Zambia Motor Sport Association, ndipo makalabu aliko. Cimene tipempha kwa iwo n'cakuti atsegule citseko ca ise a ma Vitz na ma Corolla: tsiku la ongoyamba kumene, malipilo amene wacinyamata angakwanitse, helmeti yobweleka, na munthu wodziŵa wopima motoka isanaloŵe.

Koma naise tili na mbali yathu. M'malo mosonkhana usiku pa filling station, tingapange kagulu, kulembetsa maina, kupita ku kalabu masana na kufunsa mmene tingaloŵele. Tikafika kumeneko tidzapeza kuti cinthu cofunika kukonza coyamba ni uja wakhala pa sitelingi: kumene ayang'ana, nthawi imene aponda mabuleki, na mmene abwezela phazi pa mafuta. Zimenezo sizifuna sipeya iliyonse. Galainda isiyeni kwa owochelela mageti.